Kufufuza makolo m'parishi yaing'ono ya kumudzi ku England: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa ndimafunsidwa kawirikawiri ndi anzanga amene mbali ina ya banja lawo ndi ya ku England. Ena anakwatira kapena kukwatiwa kuno ku England, ndipo ana ayamba kufunsa za agogo a mbali inayo. Ena agogo awo aamuna anali mzungu amene anapita ku Nyasaland kukalima fodya kapena tiyi, kapena kukagwira ntchito ya boma, ndipo chimene chinatsala m'banjamo ndi dzina lake ndi dzina la kamudzi kamene ankati anabadwira. Ine ndinalowa m'ntchitoyi pofufuza makolo a mayi a kunyumba, amene ankalima m'minda ya eni ku Dorset. N'chifukwa chake zitsanzo zanga zambiri ndi za kumeneko, makamaka mudzi wa Tolpuddle, kufupi ndi tawuni ya Dorchester.

N'chifukwa chiyani aliyense amangoti "dziwani kaye parishi"?

Chifukwa kwa zaka mazana atatu, parishi ya Church of England sinali ya mapemphero okha. Inali ngati boma laling'ono la m'mudzi. Ndiyo inkalemba obatizidwa, okwatirana ndi oikidwa m'manda. Ndiyo inkatolera msonkho wothandizira osauka, kukonza misewu, kusankha wapolisi wa m'mudzi, ngakhale kuthamangitsa mlendo amene ankaoneka kuti adzakhala mtolo. Choncho mapepala onse anasanjidwa motsata dzina la parishi, osati dzina la banja. Mukangodziwa kuti makolo anu anali "a ku Dorset", simunayambe. Mukadziwa kuti anali a ku Tolpuddle, kapena Affpuddle, kapena Puddletown, mwapeza khomo.

Samalani ndi malire. Mu 1974 malire a zigawo anasinthidwa: Bournemouth ndi Christchurch, zimene lero zili ku Dorset, kale zinali ku Hampshire. Tsamba la GENUKI ndi la FamilySearch amakuuzani kwaulere parishi iliyonse kumene inali, dayosizi yake, ndi maparishi oyandikana nayo.

Ndiyambire pati?

Yambirani pa munthu amene mukumudziwa bwino, n'kumabwerera m'mbuyo m'badwo umodzi umodzi. Funsani akuluakulu amene ali moyo lero lomwe, osati mawa.

Kuyambira pa 1 Julayi 1837, boma la England ndi Wales linayamba kulemba lokha kubadwa, ukwati ndi imfa, kudzera ku General Register Office. Mndandanda wa mayina ake mungaufufuze kwaulere pa FreeBMD, koma satifiketi yeniyeniyo mumachita kugula. Ya kubadwa imatchula dzina la mayi la kwawo asanakwatiwe. Ya ukwati imatchula abambo a mkwati ndi a mkwatibwi pamodzi ndi ntchito zawo. Malo olemba mayina a amayi anadzaikidwa mu 2021 mokha. Kwa ife amene tinakula tikudziwa kuti mtundu umayendera kwa mayi, zimenezi zimadabwitsa, komanso ndi vuto lenileni pofufuza: mkazi wa ku England akakwatiwa dzina lake la kwawo limazimirira m'mapepala. Paliponse pamene mwaliona, lilembeni msanga.

Chaka cha 1875 chisanafike, udindo wolembetsa mwana sunali pa makolo kwenikweni, ndiye ana ena sanalembedwe. Mukamusowa kumeneko, musataye mtima, mukamufune m'buku la ubatizo.

Nanga kalembera amathandiza bwanji?

Kalembera ankachitika zaka khumi zilizonse kuyambira mu 1801, koma woyamba kusunga mayina a anthu onse ndi wa 1841. Ameneyu ali ndi msampha: zaka za munthu wopitirira 15 ankazitsitsa kufika pa nambala yogawika ndi 5, moti wa zaka 29 analembedwa 25. Komanso ankangofunsa ngati munthu anabadwira m'chigawo chomwecho kapena ayi.

Wa 1851 ndiye chuma. Amatchula ubale wa aliyense kwa mwini nyumba, zaka zenizeni, ndi parishi imene anabadwira. Gogo wa zaka 80 amene anapezeka m'nyumba usiku wa pa 30 Malichi 1851 amakufikitsani m'zaka za m'ma 1770 pa mzere umodzi wokha. Wa 1911 muli dzanja la mwini nyumba mwiniwake, ndipo amafunsa zaka zimene banjalo lakhala, ana amene anabadwa ndi amene anamwalira. Wa 1921 anatsegulidwa mu Januwale 2022. Wa 1931 wa England ndi Wales anapsa ndi moto mu 1942, ndipo mu 1941 sanawerenge anthu chifukwa cha nkhondo. Mpatawo amautseka ndi kaundula wa pa 29 Sepitembala 1939, amene amatchula tsiku lobadwa la munthu aliyense.

Langizo langa pa mudzi waung'ono: musangofufuza dzina limodzi. Werengani mudzi wonse, nyumba ndi nyumba. Anthu mazana ochepa okha, ndi ntchito ya madzulo amodzi, ndipo mudzapeza apongozi ali khomo loyandikana, mlongo akugwira ntchito kwa wansembe, mwana wa zaka khumi akuweta nkhosa pa famu ina.

Mabuku a tchalitchi anayamba liti, ndipo muli chiyani?

Mu 1538 Thomas Cromwell, nduna ya Mfumu Henry VIII, analamula kuti parishi iliyonse izilemba maubatizo, maukwati ndi maliro, ndipo bukulo lizisungidwa m'bokosi lokhoma ndi maloko awiri. Oyambawo ankalemba pa mapepala wamba, ndipo ambiri anaola. Mu 1598 kunabwera lamulo loti zonse zikoperedwe m'mabuku a chikopa, makamaka kuyambira chaka chimene Mfumukazi Elizabeth I analowa ufumu. Alembi ambiri anangoyambira pamenepo, n'chifukwa chake mabuku ochuluka amayamba mu 1558.

Musayembekezere zambiri m'mabuku akalewo. Ubatizo ukhoza kungoti "John mwana wa William", mayi osatchulidwa. Maliro akhoza kungokhala dzina ndi tsiku. Zinthu zinasintha kawiri. Kuyambira pa 25 Malichi 1754, potsatira lamulo la Lord Hardwicke, ukwati unayenera kuchitikira m'tchalitchi cha Church of England atalengeza masabata atatu kapena atagula laisensi, ndipo okwatiranawo ndi mboni zawo ankasaina m'buku lapadera. Ayuda ndi a Quaker, kagulu kena ka Akhristu, anamasulidwa ku lamuloli. Kenaka kuyambira mu 1813 kunabwera mabuku osindikizidwa: ubatizo unayamba kutchula makolo onse awiri, kumene akukhala ndi ntchito ya bambo, ndipo maliro anayamba kutchula zaka za womwalira.

Mayina a mboni musawadumphe. Nthawi zambiri ndi mchimwene kapena mlongo, ndipo ndiwo amasiyanitsa mabanja awiri a dzina limodzi. Koma mukaona dzina lomwelo likusaina ukwati uliwonse kwa zaka 20, ameneyo ndi kalaliki wa tchalitchi, si mbale wanu.

Palinso tizizindikiro timene timasokoneza. Mawu akuti "affid." pa maliro akuchokera ku malamulo a 1666 ndi 1678 okakamiza kuti mtembo uzikulungidwa m'nsalu ya ubweya wa nkhosa pofuna kuteteza malonda a ubweya, wina ankalumbira kuti zatero, apo ayi chindapusa chinali mapaundi 5. Chilembo P pakati pa 1783 ndi 1794 chikutanthauza wosauka amene sanalipire msonkho wa tiki umene unkaperekedwa pa chilichonse cholembedwa m'bukumo.

Mabukuwo ali kuti lero? Kodi ndilembere wansembe?

Kawirikawiri ayi. Lamulo la mpingo la 1978 linachititsa kuti mabuku akale asamutsidwire ku nyumba zosungira zolembedwa za m'chigawo. A ku Dorset ali ku Dorset History Centre, ku Dorchester. M'tchalitchi mumatsala buku limene likugwirabe ntchito, ngakhale m'kamudzi kakang'ono kwambiri buku la maliro loyamba kalekale likhoza kukhala lisanadzaze mpaka lero.

Zithunzi za mabuku ambiri zili pa intaneti, pa tsamba la Ancestry, Findmypast kapena FamilySearch, malinga ndi chigawo. FreeREG ili ndi zokopera zaulere, ndipo ku Dorset, Cornwall ndi zigawo zina kuli anthu odzipereka otchedwa Online Parish Clerks amene amatenga parishi imodzi n'kukopera zonse zimene angapeze. Ndimawalemekeza kwambiri anthu amenewa. Komabe chokopera chizikutsogolerani ku chithunzi cha tsamba lenileni, chisalowe m'malo mwake, chifukwa zimene wansembe analemba m'mphepete nthawi zambiri sizikoperedwa.

Buku la parishi yathu lili ndi mpata wa zaka zambiri. Basi zathera pomwepo?

Ayi. Kuyambira mu 1598 parishi iliyonse inkatumiza kwa bishopu chaka ndi chaka kope la zimene yalemba. Makopewa amatchedwa Bishop's Transcripts, ndipo nthawi zina amasunga zimene mbewa ndi chinyezi zinawononga m'buku lenileni. Amasungidwa motsata dayosizi, choncho akhoza kukhala m'chigawo china. Dorset inali pansi pa dayosizi ya Bristol kuyambira 1542 mpaka 1836, kenaka n'kubwerera ku Salisbury. Tsoka lake, makope ambiri akale a Dorset anapsa pa moto umene unanyeketsa tawuni ya Blandford mu 1731.

Mpata wa pakati pa 1642 ndi 1660 uli pafupifupi paliponse. Inali nthawi ya nkhondo ya pachiweniweni ndi ulamuliro wopanda mfumu, ansembe ambiri anachotsedwa, ndipo kwa zaka zingapo kuyambira 1653 maukwati ankamangitsa ndi oweruza.

Ndapeza mwana amene anaikidwa m'manda asanabatizidwe: ubatizo mu Disembala 1720, maliro mu Febuluwale 1720. Zatheka bwanji?

Mpaka 1751, chaka ku England chinkayamba pa 25 Malichi. Febuluwale 1720 ankabwera pambuyo pa Disembala 1720. Ofufuza amalemba tsiku lotere kuti Febuluwale 1720/21. Mu 1752 chaka chinayamba pa 1 Januwale, ndipo mu Sepitembala anadumpha masiku 11: pa 2 panatsatira pa 14. Dziwaninso kuti mabuku ena akale ali m'Chilatini, momwe William ndi Gulielmus, John ndi Johannes, ndipo Jacobus nthawi zambiri ndi James.

Makolo amene ndapeza onse analembedwa "ag lab". Anthu osauka chotere anasiya chiyani?

Funso ili ndi limene ndimalikonda, chifukwa yankho lake anthu saliyembekezera. "Ag lab" ndi wantchito wa m'munda wa mwini, wopanda malo akeake, wolandira mashereni ochepa pa sabata. Sanasiye wilo (kalata yogawa chuma munthu akamwalira), sanasiye chiliza, ndipo ambiri sankadziwa kulemba. Koma popeza parishi inkaopa kuti tsiku lina idzawadyetsa, inkawalemba mwatsatanetsatane kuposa mmene inkalembera mlimi wolemera.

Lamulo la 1601 linapatsa parishi iliyonse udindo wosamalira osauka ake, kudzera mwa oyang'anira otchedwa overseers. Mabuku awo a ndalama amatchula zonse: nsapato za mwana wa uje, buledi wa mayi wamasiye, malipiro a mzamba, bokosi la maliro, mowa wa onyamula maliro. Kuyambira 1697 wolandira thandizo ankavala paphewa chilembo P ndi chilembo choyamba cha parishi yake.

Lamulo la 1662 linawonjezera kuti munthu aliyense ali ndi parishi imodzi yokha imene iyenera kumuthandiza. Mkazi ankatenga ya mwamuna wake, ana ya bambo awo. Mnyamata wosakwatira ankatha kupeza ina pogwira ntchito kwa bwana mmodzi chaka chathunthu kapena pophunzira ntchito ya manja, n'chifukwa chake alimi ena ankalemba antchito masabata 51 okha. Munthu akadwala kapena ntchito ikatha, ankamutengera kwa oweruza awiri kuti alumbire n'kufotokoza moyo wake wonse: kumene anabadwira, mabwana amene anawagwirira ntchito ndi malipiro ake, kumene anakwatirira, mayina ndi zaka za ana. Pepala limeneli ndi settlement examination. Likasonyeza kuti kwawo ndi kwina, kunkatuluka removal order, ndipo banja lonse ankalikweza ngolo n'kukalitula ku parishi inayo. Mwana wobadwa kunja kwa ukwati ankakhala wa parishi imene wabadwira, choncho mtsikana woyembekezera ankafunsidwa kuti atchule mwini mimba, ndipo mwamunayo ankasainitsidwa bastardy bond, pepala lolonjeza kulipira zosamalira mwanayo. Pepala limenelo likhoza kukhala malo okhawo pa dziko lapansi pamene dzina la bamboyo linalembedwa.

Ndimakumbukira tsiku limene ndinagwira pepala lotere koyamba. M'chipinda chowerengera saloleza cholembera cha inki, pensulo yokha, ndipo chikwama umasiya panja. Anandibweretsera katoni, m'kati muli mapepala opindidwa patatu, ofiirira m'mphepete. Limodzi linali la mwamuna wa m'banja la mayi a kunyumba. Dzanja la kalaliki linayenda bwino tsamba lonse, mafamu atatu motsatizana, mkazi, ana anayi, wamng'ono wa miyezi. Pansi penipeni panali mtanda wopotoka, inki itadontha pamene anakanikiza nthenga mwamphamvu, ndi mawu akuti "his mark". Ndinakhala nthawi yaitali ndikuyang'ana mtanda umenewo. Munthuyo anaulemba ataimirira pamaso pa anthu amene ankagamula kumene ana ake akagone.

Mu 1834 dongosololi linasintha. Maparishi anawaphatikiza m'magulu otchedwa union, lililonse ndi workhouse yake, nyumba imene ankasungamo osauka n'kumawagwiritsa ntchito, ndipo kuyambira pamenepo mumafufuza m'mabuku a gululo. Tolpuddle inali pansi pa Dorchester. Si parishi iliyonse imene mapepala ake a osauka anapulumuka, koma yang'anani m'kabukhu ka nyumba yosungira zolembedwa pansi pa dzina la parishi yanu ndi za oyandikana nayo, chifukwa removal order inkalembedwa makope a mbali zonse ziwiri.

Bwanji ngati sanali a Church of England?

M'midzi yambiri antchito a m'minda anali a Methodist, Baptist kapena Independent. George Loveless, mmodzi mwa amuna asanu ndi mmodzi a ku Tolpuddle amene nkhani yawo ili m'munsimu, anali mlaliki wa Methodist. Zizindikiro za banja lotere n'zakuti ukwati ndi maliro mukuzipeza ku tchalitchi cha parishi, koma maubatizo a ana kulibe. Mabuku ambiri a mipingoyi anaperekedwa ku boma cha m'ma 1837 ndipo ali ku The National Archives, ku Kew, m'gulu la RG 4. A Methodist ankalemba motsata dera lonse limene mlaliki ankazungulira, ndiye fufuzani dzina la tawuni yapafupi, osati la mudzi wokha.

Kodi mawilo ndi a anthu olemera okha?

Ambiri inde, koma osula zitsulo, akalipentala, ogaya tirigu ndi amayi amasiye ankalembanso. Wilo imodzi imatha kumanga mibadwo itatu n'kutchula ana aakazi ndi mayina a amuna awo. Kuyambira pa 12 Januwale 1858 mawilo onse ali m'kaundula mmodzi wa boma. Kumbuyo kwa tsikuli ankapita ku makhoti a mpingo: la archdeacon (wansembe wamkulu wa pansi pa bishopu), la bishopu, kapena, ngati katundu anali m'madayosizi angapo, ku Prerogative Court of Canterbury kapena ya York. A Canterbury ali ku Kew, a York ali ku Borthwick Institute. Maparishi ena a ku Dorset anali pansi pa Dean wa Salisbury, mkulu wa tchalitchi chachikulu cha kumeneko, ndipo mawilo awo ali ku Chippenham, ku Wiltshire and Swindon History Centre. Amene makolo awo ndi a ku Devon ndi Somerset ali ndi chisoni chapadera: mawilo ambiri anapsa ku Exeter pa mabomba a mu 1942.

Ndingadziwe nyumba yeniyeni imene ankakhala?

Nthawi zambiri n'zotheka. Lamulo la 1836 linasandutsa chakhumi cha mbewu ndi ziweto kukhala ndalama, ndipo pofuna kuwerengera anajambula mapu a maparishi ambiri, munda uliwonse ndi kanyumba kalikonse zili ndi nambala. Buku lotsagana nawo limatchula mwini malo, wokhalapo, dzina la munda, ndi kukula kwake m'maekala. Mukaika mapuwa pambali pa kalembera wa 1841 ndi mapu akale a boma a Ordnance Survey, amene National Library of Scotland inaika pa intaneti kwaulere, mukhoza kuyenda mumsewu wa mudziwo khomo ndi khomo.

Pobwerera m'mbuyo pali msonkho wa malo, umene mindandanda yake yambiri ndi ya 1780 mpaka 1832, ndi msonkho wa malo osonkhapo moto wa 1662 mpaka 1689, mashereni awiri pa chaka pa malo alionse. Osauka amene anakhululukidwa analembedwanso mayina. Ngati banja linkabwereka malo kwa mwini manor, ndiye kuti bwana mwini dera lalikulu la minda, fufuzani mu Manorial Documents Register.

Banja langozimirira m'mabuku. Linapita kuti?

Anthu amaganiza kuti akale ankafera pamene anabadwira. Antchito a m'minda ankasamuka kwambiri, koma pafupipafupi, chaka chikatha kwa bwana uyu n'kupita kwa wina mtunda woyenda pansi. Jambulani bwalo la makilomita 15 kuzungulira mudziwo n'kuwerenga maparishi onse a m'katimo. Ukwati kawirikawiri unkachitikira kwawo kwa mkazi, ndipo mwana woyamba nthawi zina ankabatizidwa komweko. Yesaninso kalembedwe kena ka dzina, pakuti wansembe ankalemba zimene wamva; Loveless ndi Lovelace akhoza kukhala banja limodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ena anapita kutali zedi. Amuna asanu ndi mmodzi a ku Tolpuddle anamangidwa mu Febuluwale 1834 chifukwa cholumbiritsana m'bungwe la antchito pamene malipiro anatsika kufika mashereni 7 pa sabata. Khoti la ku Dorchester linawalamula kukagwira ukaidi zaka 7 ku Australia. Anakhululukidwa mu 1836, ndipo atabwerako asanu anakakhala ku Essex, kenaka n'kusamukira ku Ontario, ku Canada. Wofufuza mabanja amenewa amadutsa m'mabuku a ndende, a khoti, a sitima za akaidi ndi m'nyuzipepala. British Newspaper Archive ndi yothandiza pa milandu, ngozi ndi malonda a mafamu ngakhale a midzi yaing'ono.

Ndapeza mzere wonse wa makolo athu wolembedwa kale pa intaneti. Ndingoukopera?

Musatero. Ine ndinatero poyamba, ndipo ndinataya miyezi isanu ndi itatu ndikutsata William wolakwika. M'parishiyo munali a William awiri a dzina la bambo limodzi, ana a pachibale, obatizidwa motalikirana miyezi 14. Amene ndinamutsata anamwalira ali ndi zaka zitatu, ndipo maliro ake anali pa tsamba lotsatira, limene sindinatsegule. Kuyambira pamenepo, ubatizo uliwonse ndimaufunira maliro ake kaye, ndipo sindilumikiza mibadwo iwiri popanda mapepala awiri osiyana ogwirizana.

Kodi n'kofunika kupita kumudziko?

Ngati mungathe, pitani, koma mutawerenga kale. Onani m'tchalitchi mwala wobatizira, umene nthawi zambiri ndi wakale kuposa mabuku onse, ndi chipilala cha mayina a amene anafa pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Funsani ngati bungwe la ofufuza mabanja, monga Somerset and Dorset Family History Society, linakopera kale zolembedwa pa ziliza, poti zambiri zinafufutika ndi mvula ndi ndere.

Musadabwe mukapanda kupeza chiliza cha munthu wanu. Antchito ambiri a m'minda anaikidwa popanda mwala, ndipo buku la maliro lokha ndilo limatsimikiza kuti agona m'bwalo limenelo. James Hammett, yekhayo mwa asanu ndi mmodzi aja amene anakhazikikanso ku Tolpuddle, anamwalira mu 1891 ku workhouse ya ku Dorchester, maso atachita khungu, n'kuikidwa pa tchalitchi cha St John m'mudzimo. Mwala umene muuone pa manda ake lero unaikidwa mu 1934, patapita zaka 43.